Mkamwini Amene Tidamutuma ku Boma

Chaka chimene adasankha amuna anga kuti azikatiyankhulira ku boma, ndidali ndi ana awiri, wina woyenda wina wakumsana, koma amuna angawo adali asadayang'anepo amayi anga m'maso. Ana a masiku ano ndikawauza zimenezi amaseka, amayesa ndikucheza. Kwathu kuno kumbali ya Chulu mwamuna akakwatira ankabwera kudzakhala kwa mkazi, ndiye mkamwini ameneyo, ndipo iye ndi apongozi ake aakazi ankathawana. Akakumana m'njira, wina ankapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Kudyera pamodzi kudalibe, kukhala mphasa imodzi kudalibe, kulankhulana maso ndi maso ndiye ayi ndithu. Sudali udani, udali ulemu, ndipo mkamwini wodziwa kuthawa ankatamandidwa chimodzimodzi wodziwa kulima.

Komabe anthu okhala mudzi umodzi nkhani siziwasowa. Amayi akafuna kunena kanthu ankatuma ine. Ndikakhala kuti ndapita kumadzi, ankaima pafupi ndi nkhokwe yathu atafulatira nyumba, nkuyamba kuiuza nkhokweyo kuti chigafa cha fodya chapendekeka pomwe eni ake akungozungulira panjinga. Amuna anga ali m'nyumba ankayankha galu wathu kuti mitengo adadula kale, ikungodikira kuuma. Nkhokwe ija ndi galu uja adakonza nkhani zambiri za banja lathu kuposa ankhoswe.

Amayi adali munthu wamfupi, wotsimphina mwendo wamanzere, wosachedwa kupsa mtima, ndipo kambale kawo ka fodya wamphuno sikankachoka pamfundo ya nsalu. Mtima wawo wonse udali kudimba. Dimbalo lidali kudambo, m'mphepete mwa kamtsinje kathu, ndipo adalilandira kwa amayi awo pamodzi ndi chitsime chosaphwa chimene chidali kumunsi kwake. Ankadzalamo chimanga chachilimwe, maungu, mpiru ndi nzimbe pang'ono. Pa njala yaikulu ija, ine ndisadakwatiwe, nkhokwe zonse zitangotsala mitengo, mbumba yathu idapulumukira m'dimba limenelo. Pamudzi pathu sitidaike maliro a njala, ndipo amayi ankanena poyera kuti wotipulumutsa lidali dimba, osati boma. Munthu ukadatha kuwatukwana iwo nkukhululukidwa, koma mbuzi yako ikalowa m'dimbamo unkadziwa kuti chaka chakuipira.

Tsono tsiku lina kudabwera mesenjala kudzanena kuti ku boma akhazikitsa khonsolo, ndipo midzi yathu ingapo isankhe munthu mmodzi woti azikakhala nawo pokambirana. Osankha adali amuna okhoma msonkho. Ankaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, mzere wautali ndiwo wapambana. Amuna ndiwo adaima pamzerepo, inde, koma amene adawauza poima tidali ife, kumtondo ndi kuchitsime, ndipo woyambitsa adali amayi. Ofuna udindowo adali awiri, mwana wa mlongo wa amfumu ndi amuna anga, amene adali ndi njinga ndiponso timawu tachizungu timene adatola ku Halale. Amayi sadawasankhe chifukwa cha njinga kapena chizungu. Adayenda khomo ndi khomo akutsimphina, mawu ake omwewo.

"Mwini mudzi mukamutuma, pobwera mumamulandira mutagwada. Tumani mkamwini. Ameneyo akanama timuuza apinde mphasa yake."

Mzere wa amuna anga udafika mpaka kukhola. Atapambana adaima pansi pa mkuyu, chipewa kumanja, nalonjeza kuti iwo ndi khutu lathu ndi pakamwa pathu, ndipo chilichonse chimene akamve kumeneko adzatitulira chonse, chokoma ndi chowawa chomwe. Anthu adawomba m'manja, amayi ali patali atafulatira bwalo adalizira nthungululu tchire. Sabata yomweyo tidapita kwa bambo wina wachisilamu amene adali ndi sitolo ndi makina osokera pakamsika kathu, nawasokera jekete lakhaki la matumba anayi. Manja ake adatalika pang'ono, koma telalayo adati munthu waudindo amanenepa, alidzaza.

Miyezi yoyamba adasunga mawu awo, mwina mpaka kupitirira. Akamachokera ku boma ankayamba kuliza belu la njinga ali kumanda, ana nkuwathamangira, dzuwa likapendeka anthu nkusonkhana pamkuyu paja. Adatiuza za mipando yotsamira, za tiyi wa m'makapu a chogwirira chaching'ono choti chala cha mlimi sichilowa, za buledi wopaka zofiira zotsekemera, za wotchi yapakhoma imene inkalira yokha bwana ali pakati polankhula, bwanayo nkuidikira kuti ithe. Ankatengera kayendedwe ka womasulira mawu, anthu nkumagwa ndi phwete. Ine ndinkanyada, ndisaname. Ndinkachapa jekete lija ngati mwana wakhanda.

Amayi ankamvera ali kumbuyo kwa anthu, nkhope atalozetsa kumunda, kenaka nkundikodola kuti ndikafunse za mlatho. Pakati pa ife ndi msika wa fodya padali mtsinje umene ngolo zinkatitimiramo chaka ndi chaka, ndipo mlatho ndiwo udali choyamba chimene tidawatuma. Ndinkapita, nkugwada, nkufunsa. Yankho lidali lakuti akuluakulu ati tidikire. Ndikabweza mawuwo, amayi ankakoka fodya wawo nkunena kuti tiyi tamumva, koma ngolo siwolokera pa kapu.

Kenaka nthawi yamasika, tili mkati mosankha fodya m'chigafa, amuna anga adabwera kuchokera ku boma osaliza belu. Adadzera njira yakuseri kwa makola akukankha njinga, navula jekete, nati mutu ukuwawa. Pamkuyu sadapitepo. Ndidawaphikira nkhwani wotendera amene ankamukonda, adangotompha kawiri nkusamba m'manja. Mwamuna amene ankanyambita mbale mpaka galu kudandaula, akasiya ndiwo, mkazi umadziwa kuti si mutu.

Padapita masiku, amayi adakagula mchere kusitolo kuja. Mwini sitoloyo ankamva zambiri kwa oyendetsa malole, ndipo powapimira mcherewo adawauza kuti cha ku Lisasadzi anthu a malimidwe akukhoma zikhomo m'mphepete mwa mitsinje, kuletsa khasu kufika pafupi ndi madzi, akuti nthaka ikukokoloka. Adaonjeza kuti lamulolo akuti lidadutsa mu khonsolo. Amayi adabwerera liwiro limene mwendo wawo sunkalidziwa, nandipeza ndikupeta, nandiuza kuti ndikafunse akamwini awo ngati lamulo limenelo lifika kudambo kwathu.

Ndidawafunsa tili awiri m'chigafa, masamba a fodya ali pamiyendo. Adawongola tsamba limodzi lomwelo mobwerezabwereza. Kenaka adandiuza kuti nkhani za khonsolo nzolemera, sazipala ngati moto wa kwa aneba. Wofunsa azifunsa yekha, woyankha amuyang'ane m'maso, kuopa kuti mawu angapindike m'njira. Ndidati kodi mwaiwala kuti wofunsayo ndi apongozi anu, simungayang'anane? Adayankha osatukula mutu kuti mwambo sadauyambe ndiwo.

Amayi atamva adaseka kaye, kuseka kosaoneka mano. Mawa lake adapita pankhokwe paja nkuifunsa mokweza ngati idamvapo za zikhomo. M'nyumba mudamveka mawu akuuza galu kuti nkhani za boma sauza nkhokwe.

Amuna a m'mudzi nawonso adafunsa kuti msonkhano wapamkuyu uli liti. Amenewo sadavute. Amuna anga adawauza kuti mlatho wavomerezedwa, ndipo zidali zoona, miyala idayamba kutsitsidwa pamtsinje paja. Abambo aja adakondwa, nawagulira mowa, za madimba osazilabadira, pakuti kudambo kwathu ambiri othirira tidali akazi. Wina akakumbutsa za msonkhano, unkakhala wa fodya akagulitsidwa. Fodya atagulitsidwa udakhala wa maliro a kutsidya akatha. Amayi adauza atsibweni, mlongo wawo, kuti mlathowo akungoumva ndi makutu pomwe dimba akuliona ndi maso, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Atsibweni adati mkazi asasokoneze munthu amene wabweretsa mlatho.

Apa mpamene ulemu wa amuna anga udakula modabwitsa. Kale akakumana ndi amayi ankangopatuka pang'ono, nkutembenuka, nkuwomba m'manja mpaka adutse. Tsopano ankati akangoona kansalu kawo kakutulukira kutali, njinga pansi, iwo m'tchire. Amayi nawo adayamba kuwasaka. Ankawadikira panjira ya kumsika, pakhomo la khola, kuseri kwa chigafa, poganiza kuti munthu akapanikizika angayankhe ngakhale atafulatira. Koma mwendo umodzi sungapirikitse miyendo iwiri. Mudzi wonse unkaonerera, ndipo amayi ena ankauza akamwini awo kuti aone mmene munthu wa ku boma akulemekezera apongozi ake. Chimenechi ndicho chidawapsetsa mtima amayi koposa, pakuti mlandu woti munthu wakulemekeza kwambiri ungapite nawo kwa yani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo khoswe wathuyu adakhala pa mwambo.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu adawatulukira modzidzimutsa panjira yopapatiza ya kudambo, amayi atasenza dengu la manyowa. Amuna anga adalumphira kumanzere osayang'ana, nagwera m'chitedze, jekete ndi zonse. Adapirira momwemo, osatulutsa mawu, amayi ataima panjirapo mwadala akukonza nkhata yawo ndi kukoka fodya mosafulumira. Atafika kunyumba adali akuvina gule wopanda ng'oma. Ndidawapaka matope ndi phulusa thupi lonse ndikuseka mpaka misozi, ana akuwomba m'manja. Koma ndili mkati mopakamo ndidawafunsa ngati chitedze chili bwino kuposa kunena zoona, iwo nkungopitiriza kudzikanda.

Kusekako kudali kwa pakamwa chabe, mumtima ndidali ndi mantha. Amuna anga ndinkawakonda. Adali munthu wofatsa, wosakweza dzanja pa mkazi, wonyamula mwana pakhosi popita kumunda anzawo akuseka. Koma adali mkamwini, ndipo amayi akadauza atsibweni mwamphamvu kuti munthuyu watikwana, mphasa ikadapindidwa ndithu. Tsiku lina tikuthirira amayi adanena okha kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ine ndidapita kuseri kwa nzimbe kukalira. Kunyumba ndinkagona ndi munthu wosunga mawu m'mimba, kudimba ndinkagwira ntchito ndi munthu wofuna mawu omwewo, ndipo onse awiri ankandiyang'ana ngati wolakwa ndine.

Popeza palibe adawauza kanthu, amayi adadzilimbitsa mtima kuti za zikhomozo nza ku Lisasadzi, kuno sizifika, chifukwa zikadakhala zofika munthu wathu akadanena. Ndiye adalima dimba lonse monga mwa chaka chilichonse, mwinanso kuposa. Adakumbanso chitsime chija kuti chizame, adatuta manyowa kuchokera kukhola pamutu, dengu ndi dengu, akutsimphina chisanu chonse. Kumunsi kuja, pafupi ndi madzi, adathirako ochuluka, akuti akukonzeratu za zaka zam'tsogolo mwendo usadakanike.

Chimanga chitafika m'mawondo kudabwera kapitawo wa malimidwe, wa kabudula ndi masokosi aatali, atanyamula chingwe ndi mtolo wa zikhomo. Sadali munthu wamwano. Adapereka moni bwinobwino, nayeza kuchokera pamadzi, nayamba kukhoma. Mzere wa zikhomo udadula dimba la amayi pakati, chitsime ndi nthaka yonse yakuda nkutsalira kumunsi. Adati chimanga chimene chilimo tikolole, koma kuchokera pamenepo khasu lisadzadutsenso zikhomozo, wodutsa akayankha kubwalo la milandu. Amayi adafunsa kuti lamulo lotere amapanga ndani osafunsa eni madimba. Kapitawoyo adadabwa, nati anthu adafunsidwa kudzera mwa owaimira, ndipo wathu adalipo tsikulo, tikamufunse iyeyo.

Ndidayembekeza kuti amayi alalata mpaka dambo lonse limve, ndipo ndidayamba kale kuganiza za mmene ndikagwirire miyendo ya atsibweni. Koma adangokhala pansi pamzere, natulutsa kambale kawo, nakatsekanso osakoka. Patapita nthawi adandiuza kuti ndikaviike chimanga cha chimera, akufuna kufulula mowa. Ndidafunsa kuti mowa wa chiyani. Adati akufuna kumasula akamwini awo.

Kuthawana kuja sikudali kwa muyaya. Mpongozi akakhutira ndi mkamwini wake, patapita zaka, ana atabadwa, ankafulula mowa, nkuitana anthu, nkumupatsa nkhuku m'manja pamaso pa onse, iyenso nkubweza kamphatso. Kuyambira tsiku limenelo ankakhala ngati mayi ndi mwana, kuyang'anana, kucheza, kudyera pamodzi. Udali ulemu waukulu, ndipo akamwini ena ankamera imvi asadaulandire. Amayi ankanena kawirikawiri kuti awo adzawamasula akadzayamba kuyendera ndodo. Ndiye mbiri itamveka, mudzi wonse udati zoona, munthu wothawa mpaka kugwera m'chitedze ayenera nkhuku.

Amuna anga ndidawauza ndekha. Nkhope yawo idachita zinthu ziwiri nthawi imodzi, ngati mwana amene wapatsidwa nzimbe ndi munthu wogwira mkwapulo. Adafunsa ngati sizingadikire mvula itagwa. Ndidati mowa sudikira mvula. Adafunsa ngati ku boma kulibe msonkhano sabata imeneyo, ndidati zimenezo akudziwa ndi iwo. Kukana sakadatha. Mkamwini wokana nkhuku ya apongozi ndiye kuti wadzipindira yekha mphasa. Adapita kusitolo kuja nakagula kansalu kamaluwa, ndipo mwini sitolo powakulungira adawafunira mafuno abwino akumwetulira mopitirira muyeso.

Tsikulo lidafika, dzuwa lili pamutu, anthu atadzaza pabwalo la amayi, a midzi ina imene idaima pamzere uja aliponso. Adayala mphasa yatsopano pakati. Amuna anga adabwera atavala jekete lija, nagwada kumapeto kwa mphasa, maso pansi. Amayi adatuluka atanyamula thadzi lawo lamawangamawanga, loikira bwino kuposa onse, nakhala moyang'anizana nawo. Atsibweni adalankhula za mwambo, amayi adapereka nkhuku, amuna anga adailandira ndi manja awiri, ine ndidapereka kansalu kaja m'malo mwawo. Nthungululu zidalira. Kenaka amayi adawauza kuti atukule mutu.

Adayang'anana koyamba chikwatirane ife. Amayi adawayang'anitsitsa kuyambira pachipumi mpaka pachibwano ngati akugula mbuzi.

"Kani mwana wanga adakwatiwa ndi munthu wa makutu aakulu chonchi," adatero. "Ndinkangomva kwa anthu. Ndiye ku bomako palibe chimene chidakudutsani."

Anthu adaseka, amuna anga adasekanso pang'ono, thukuta likutsika. Amayi adadikira phokoso lithe.

"Tsopano ndinu mwana wanga, tayang'anana m'maso monga mudafunira. Tsiku limene ankakamba za madimba, dzanja lanu lidali kuti?"

Amuna anga sakadatha kukanda m'mutu kapena kuloza kumwamba monga ankachitira pamkuyu, manja onse adali pa nkhuku. Adayang'ana kumanzere, kudali anthu, kumanja kudali anthu, tchire lili kutali. Nkhuku ija idatambasula khosi nkuwajompha batani la jekete.

"Lidali m'mwamba, amayi."

Atanena zimenezo zina zonse zidatuluka zokha. Adati nkhani ya mlatho ndi ya madambo zidabwera tsiku limodzi, mlatho poyamba. Mlatho utavomerezedwa mtima wawo udadzaza chimwemwe, akuganiza za belu la njinga. Kenaka mzungu wa malimidwe adafotokoza za zigwembe zimene madzi akumba m'madera ena, ndipo zidamveka zanzeru. Mafumu adakweza manja, aphunzitsi adakweza, onse adakweza. Iwo adakumbuka dimba la amayi, adakumbuka kuti mtsinje wathu sudakokolole munda wa munthu chiyambire, mawu adafika pakhosi, koma adachita manyazi kukhala okha dzanja lili pansi, ndiponso adaopa kuti akatsutsa mlatho ungabwezedwe. Nawonso adakweza dzanja. Pobwerera adafika kumanda kuja chala chili pabelu, nkulephera kuliza.

Abambo ena adayamba kung'ung'udza kuti komabe mlatho wabwera. Amayi adawakwezera chala chimodzi osawayang'ana, napitiriza kulankhula ndi amuna anga.

"Dzanja ndi lanu, sindikuimbani nalo mlandu. Mwina nanenso pakati pa anthu a nsapato ndikadakweza. Koma pakamwa paja mudati mpathu. Chisanu chonsechi ndatuta manyowa ndi mwendo uwu kuthira nthaka imene inu mumadziwa kuti yapita, inu mukundionerera muli m'udzu."

Sadakweze mawu, ndipo nchifukwa chake zidapweteka. Ine ndidagwetsa misozi, pang'ono chifukwa cha amayi, pang'ono chifukwa cha munthu wamkulu atagwada ndi nkhuku m'manja. Atsibweni adafunsa mlongo wawo kuti tsono atani naye. Amayi adati mwana sapirikitsidwa tsiku limene wabadwa, ndipo ngati adali wopirikitsa sakadaononga thadzi lawo. Abwerere ku boma akanene zimene adameza zija, akabwera adzafikire pakhonde pawo jekete asadavule. Atatero adalamula kuti mowa utuluke, ndipo anthu adamwa, ngakhale nyimbo zidachedwa kuyamba.

Pa msonkhano wotsatira amuna anga adakaimadi. Adatiuza pambuyo pake kuti chizungu chonse cha ku Halale chidathawa, adalankhula Chichewa chokhachokha womasulira akuvutika kuwatsatira. Adanena za chitsime, za njala ija, za mtsinje wosakokolola. Adamvedwa mwaulemu, wina wa cha ku Kaluluma adawavomereza, koma adayankhidwa kuti lamulo ndi la dera lonse ndipo manja adawerengedwa kale, lawo lili momwemo. Tsiku limenelo belu lidalira kuyambira kumanda. Adafikira pakhonde pa amayi, fumbi lili m'mutu, nawauza maso ndi maso kuti alephera, zikhomo sizichoka. Amayi adagwedeza mutu, nati tsopano abwera ngati munthu wotumidwa, nawapatsa madzi akumwa m'chikho chawo.

Kuyambira pamenepo njinga inkaima kaye pakhomo la amayi. Za tiyi ndi wotchi zidachepa. Amayi ankafunsa chimodzichimodzi, chakambidwa nchiyani, wanena ndani, dzanja lidali kuti, ndipo madzulo zomwezo zinkabwerezedwa pamkuyu. Nthawi zina amuna anga ankatuluka pakhondepo atafooka ngati achokera kokumba zitsa, nkundinong'oneza kuti masiku a kutchire adali abwino, ngakhale chitedze. Adakumba chitsime china kumtunda kwa zikhomo ndi manja awo, jekete atakoleka pa chikhomo cha boma, koma madzi ake ankaphwa dzuwa likakula.

Malamulo aja adadzafooka patapita zaka, zikhomo zidadyedwa ndi chiswe, anthu nkubwerera m'mphepete mwa madzi. Amayi sadafike nawo pamenepo. Chimanga cha chaka cha zikhomo chija ndicho chidali chomaliza kukolola iwo kumunsi kuja, ndipo chidabereka modabwitsa chifukwa cha manyowa aja, ziwiriziwiri paphesi.

Tsiku lothyola choyamba adatiitana tonse kudimba, dzuwa lachilimwe likuotcha. Adasonkha moto pafupi ndi chitsime chakale, nasankha chimanga chachikulu kuposa zonse, naotcha okha akutembenuza mosamala. Ana adatambasula manja, amayi adawakankha. Adachipukuta phulusa ndi khoko lake, nachipereka kwa amuna anga.

"Idyani, bambo. Muzidziwa kukoma kwa chinthu chimene mudachikwezera dzanja."

Adalandira ndi manja awiri monga adalandirira nkhuku ija. Chidali chotsekemera, chamkaka, ndidadziwa chifukwa tonse tidadya pambuyo pake. Iwo adadya pang'onopang'ono atayang'ana madzi, misozi ikugwera pachimangapo, mpaka chidatsala chitsononkho chokha. Amayi adawayang'ana mpaka adamaliza, kenaka adawauza kuti anyamule dengu, mwendo wawo watopa.